Nyumba Imene Inawoloka Dambo

Masitepe a njerwa anali pomwepo, akukwera mwaulemu monga mwa masiku onse, koma pamwamba pake panalibe khomo. Panali thambo basi, loyera ngati palibe chimene linachita.

Corinna Gaskill anaima m'munsi mwa masitepewo chikwama chili kumsana. Iye, bambo ake ndi chibwenzi chake anali atangotsika m'pantoni yoyamba imene khonsolo ya kaunti inalola kubweza anthu pachilumba namondwe atadutsa. Njira yonse pamadzi mtsikanayo ankadzilimbitsa mtima kuti akaona denga losasuka, mawindo osweka, matope ofika m'mawondo. Koma izi sanaziganizireko. Zipilala zimene nyumba inkakhalapo zinali chilili. Mkuyu umene anadzala malemu mayi ake unali utayoyoka masamba onse koma uli njo. Ngakhale chingwe choyanikapo zovala chinalipo. Nyumba yokha ndiyo inali itachoka, ngati mlendo amene wanyamuka mbandakucha posafuna kudzutsa anthu.

"Ababa, nanga matabwa ali kuti? Ikanagumuka bwenzi pali matabwa mbwee."

A Elwood Gaskill, amene moyo wawo wonse anathera pa nkhanu ndi miono, anavula chipewa, n'kuchivalanso. Maso awo anali kudambo. Kumeneko udzu wa m'madzi amchere unali utagona mbali imodzi, mkwasa waukulu wotambalala ngati bwalo la mpira, wolunjika kumwera.

"Sinagumuke," anatero. "Yapita."

Chibwenzi cha Corinna, Wade Pruitt, anayang'ana kumbali. Anali mnyamata wa kumtunda, kwawo kwa mapiri ndi minda ya fodya, amene anabwera pachilumba kudzayala matailosi m'nyumba za alendo a m'chilimwe, n'kuiwala kubwerera atakumana ndi Corinna.

Posakhalitsa kunamveka kanjinga kamoto kamiyendo inayi kakubwera kakuwaza matope. Anali a Lonnie Styron, msodzi mnzawo wa a Elwood kuyambira ali ana.

"Elwood! Iwe Elwood! Kodi nyumba yako ija unaiphunzitsa kuyenda ndiwe? Yaima pakati pa msewu ngati ng'ombe! Ikamapita kocheza uziiuza iziima kumbali!"

Corinna sanadikire kumva zambiri. Anaponya chikwama pansi n'kuliyatsa liwiro.

Anaipeza pokhota, kupitirira tchalitchi pang'ono, pamene msewu umapanikizika pakati pa dambo ndi khwawa la madzi amchere. Inali itakhala chopingasa, kuchokera kumphepete kuno kukafika kumphepete uko, yoongoka bwinobwino, makatani ali m'mawindo. Mzere woyera wa pamsewu unkalowa kunsi kwa khonde n'kukatulukira kuseri kwa khitchini. Kuzungulira makoma, m'munsi pang'ono mwa mawindo, udzu ndi ndere zinali zitamatirira ngati lamba, kusonyeza pamene nyanja inaigwira poinyamula. Anthu anali ataima chapatali, ena manja ali pakamwa. Palibe amene ankalankhula mokweza. Zinali ngati afika pamaliro n'kupeza womwalirayo akupesa tsitsi.

Chitseko chinatseguka osavuta. Corinna analowa chonyang'ama, kuopa kaya chiyani. Makapu anali lende pa misomali yake. Mpando wa bambo ake unali utangosuntha pang'ono. Kuchipinda kwake bedi linali loyala monga analisiyira. Anayang'ana pawindo pamene kuyambira ali mwana ankaona mkuyu, ndipo anaona nsonga ya tchalitchi ndi mbalame zoyera zikutola nsomba zakufa pa phula. Nyumba iyi, imene iye ankaiyesa chinthu chogona tulo, chomuchedwetsa, chimene ankalota kuchisiya tsiku lina n'kupita kumizinda ya nyali zambiri, inali itamutsogolera. Inali itayenda yokha mumkuntho, mafunde akuimenya mbali zonse, ikuzungulira pang'onopang'ono pamwamba pa dambo, pamwamba pa mipanda ya anthu, mwina pamwamba pa manda, makapu akugundana mumdima popanda wowamva. Iye anali asanapiteko kulikonse. Nyumba ndiyo inali itaona dziko.

Kenako anayang'ana pansi. Matailosi abuluu anali kung'anima, ouma.

Mwana aliyense wa pachilumbapo amadziwa za zibowo. Nyumba zakale zili ndi chibowo pansi m'chipinda chilichonse, chotsekedwa ndi kachipika kozungulira. Namondwe akamabwera, womaliza kutuluka amazula tizipikato kuti nyanja ilowe mwaufulu, ikhale m'nyumba, nyumbayo ilemere isanyamuke. Matope amakolopeka. Koma Wade sanakulire pachilumba. M'chilimwe, a Elwood ali kuchipatala kumtunda ndi bondo lawo, iye anafuna kuwasangalatsa. Anaona tizipikato n'kuyesa zigamba za pamene panadya makoswe. Anayala matabwa atsopano pamwamba, n'kumata guluu mpata uliwonse, n'kuika matailosi okongola kuposa onse amene anayalapo. A Elwood atabwerako anayang'ana, n'kunena kuti zikomo, chifukwa mphatso ya munthu suidzudzula iye ali pomwepo. Tsiku losamuka, apolisi akuimba belu la galimoto kuti aliyense achoke, a Elwood anatenga nkhwangwa n'kuima pakati pa balaza kuti aboole pansi. Corinna ndi amene anawagwira mkono. "Ababa, chonde. Mwina madzi safika." Ndipo bambo ake, amene sanamverepo munthu pa nkhani ya nyanja, anamvera mwana wawo.

Panja a Lonnie anali atafika, akugogoda khoma ndi chibakera.

"Koma abale! Ine zaka zonsezi bwato langa likudontha, kumata, kudontha, kumata. Iwe mnyamata wa kumtunda, bwanji sunanene kuti umapanga sitima?"

Anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene akhala masiku osaseka. Wade anazyolika. A Elwood sanaseke.

Masana kunabwera a Hollis Tate, woyang'anira misewu ya khonsolo, bambo wamtali wa maso ofiira chifukwa chosagona. Anazungulira nyumbayo, n'kusuzumira kunsi, n'kupuma mozama. Kenako anatulutsa kachitini ka penti yopopera n'kulemba mtanda waukulu wofiirira pakhoma, pambali pa windo la Corinna.

"Mukutani?" Corinna anakuwa ali pakhonde. "Bambo Tate, mukutani?"

"Mwanawe, msewu pachilumba pano ndi umodzi. Kumwera uko kuli doko la asodzi, kuli thanki ya madzi, kuli nkhalamba zimene zikupumira makina opanda magetsi. Malole a mapolo amagetsi akubwera kumapeto kwa sabata. Adutsa pati? Pabalaza panu?"

"Ndiye muichotse bwinobwino!"

"Onyamula nyumba ali kumtunda, ndipo aliyense m'gombe lonseli akuwalirira. Ine ndili ndi katapila mmodzi, akubwera mawa pa chibwato chafulati cha khonsolo. Chilichonse chimene namondwe wasiya pamsewu wa khonsolo ndi zinyalala. Si mawu anga amenewo." Anatembenukira kwa a Elwood, mawu atatsika. "Pepa, Elwood. Tulutsani katundu. Makhansala akumana mawa kwa ozimitsa moto. Ngati uli ndi mawu, ukanene kumeneko."

A Elwood anangogwedeza mutu n'kuyamba kutsitsa makapu. Corinna anawalanda kapu m'manja n'kuibwezera pa msomali.

"Musakhudze kanthu, Ababa. Sitikusamuka."

Msonkhano unachitikira m'chinyumba choimikamo galimoto yozimitsa moto, chitseko chachikulu chili pululu kuti mulowe mphepo. Munkanunkha matope, dizilo ndi khofi. Amayi a kutchalitchi anali atabweretsa msuzi wa nkhono mumphika waukulu. Makhansala anakhala kuseri kwa tebulo lopinda, onse atavala majombo oyera a asodzi pansi pa zovala zawo za kuofesi. Pakati panali wapampando, Mayi Ernestine Bowser, wa tsitsi la imvi ndi magalasi olendewera pa kaunyolo. Analibe kanyundo kake, moti ankagogoda tebulo ndi supuni.

Ha, misonkhano! Corinna ankaona ngati akalambira pa mpando umenewo. Anakambirana za udzudzu umene unaswana m'zithaphwi, ngati aupopere kuchokera m'ndege kapena m'galimoto. Anakambirana za mafiriji owola, kuti aliyense amange lake ndi tepi asanalitulutse, ndipo bambo wina anaimirira kufotokoza mwatsatanetsatane zimene zinamuchitikira atatsegula lake, mpaka mayi wina anasiya msuzi wake. Anakangana za kumene ana akaphunzirire pamene sukulu ikuuma. Koma Corinna, m'kati mwa kutopa kwakeko, anayamba kuona china. Anthu awa, otopa, olumidwa ndi udzudzu, ena a iwo nyumba zawo zilinso m'madzi, ankatola chilumba chonse kachidutswa ndi kachidutswa, n'kumakweza manja, n'kumati chatha ichi, tiyeni china. Nyanja inabwera ndi mphamvu zake zonse, ndipo oyankha ake anali awa, ndi supuni.

"Nkhani yotsatira," anatero Mayi Bowser, "nyumba ya banja la Gaskill, imene pakali pano ikukhala pamsewu wathu popanda chilolezo. Alipo wolankhula?"

A Elwood sanasunthe. Corinna anaimirira mwamphamvu moti mpando unagwa kumbuyo.

"Mayi Wapampando, ndine Corinna Gaskill. Nyumbayo ndi yathu. Siinasweke. Ngakhale kapu imodzi. Yawoloka dambo lonse lija yokha, ndiye inu mukufuna muiphwanye chifukwa yaima polakwika?"

"Ukufuna titani, mwanangu? Lankhula msanga, dzuwa likupita."

"Inabwera pamadzi, ibwerere pamadzi. Khwawa lili pomwepo, pafupi ngati apa ndi pakhomo apo. Makolo athu ankasamutsa nyumba choncho, kuchokera kuzilumba zakunja, atamangiriza mabwato. Aliyense muno anamvapo. Tiikweze ndi majeke, tiigudubuze pa mapolo amene agwa aja, katapila aikoke m'malo moikankha, ikwere pa chibwato chanu chafulati. Malo athu ali m'mphepete mwa madzi omwewo."

M'chinyumbamo munamveka manong'onong'o. A Hollis anakanda chibwano.

"Zotheka, Hollis?" anafunsa wapampando.

"Madzi akadzaza bwino, mwina. Kapena ithyoka pakati. Sindinakokepo nyumba, mayi. Ndimaphwanya."

Apo loya wa khonsolo, mnyamata waulemu wa kolala yonyowa ndi thukuta, anakweza chala. Anati iye mtima wake uli ndi banjali, koma katapila ndi chibwato ndi za anthu onse. Lamulo sililola kuzigwiritsa ntchito posamutsa katundu wa munthu. Akachitira mmodzi, mawa aliyense abwera ndi shedi yake, bwato lake, khola lake. Zida za khonsolo ndi zochotsera zinyalala basi.

Corinna anamuloza chala.

"Ndiye zichotseni! Si mwalemba kale mtanda pakhoma? Mwanena nokha kuti ndi zinyalala. Nyamulani zinyalala zanuzo!"

Anakhala pansi, n'kupeza kuti mpando palibe. Wade anamugwira asanafike pansi. Ena anaseka. Koma Mayi Bowser anali atavala magalasi awo, akuyang'ana loya uja modekha.

"Tandiuzani, achimwene. Lamulo limati zinyalala tizichotse zili m'zidutswa zingati?"

Loya anayankha motsitsa. "Silinena, mayi."

"Nanga timakazitaya kuti?"

"Pamalo amene khonsolo yasankha kuti pakhale potayira, mwini malo akavomera."

"Ehe." Anatembenuka. "Bambo Gaskill, taimani tikuoneni. Khonsolo ikhoza kusankha malo anu aja kukhala kudzala kwa kanthawi. Koma pafunika inuyo, mwini wake, muvomere pamaso pa anthu kuti chili pamsewucho ndi zinyalala, ndi kuti pakhomo panu tikhoza kutayapo."

A Elwood anaimirira pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija. Chipewa chinali m'manja.

"Mayi, nyumba imeneyo anamanga agogo anga ndi matabwa a sitima imene inasweka pagombe. Bambo anga anabadwiramo. Mkazi wanga anatsirizikira m'chipinda chakumadzulo, akuyang'ana madzi. Ndiye ine ndiime pano, pamaso pa ana amene ndinawaona akubadwa, ndinene kuti ndi zinyalala?"

"Ine sindikufuna munene kanthu, bambo. Lamulo ndi limene likufuna. Ine ndikufuna msewu wanga."

Kumbuyo mayi wina wa kumwera, mwana ali paphewa, analankhula mosakweza. "A Elwood, ife tili mumdima kumene kuja. Amayi anga mpweya ukuwathera. Sankhani chilichonse, koma sankhani lero."

Corinna anagwira malaya a bambo ake monga anagwirira mkono wawo tsiku la nkhwangwa, ndipo anachita mantha pokumbukira. Komabe ananong'oneza. "Ababa, aitche chimene akufuna. Bola tizigonamo."

Bambowo anayang'ana chipewa chawo nthawi yaitali. Khosi lawo linali litafiira. Corinna anali asanaonepo kuti kumeza mawu kungakhale ntchito yolemetsa chonchi, yoposa kukoka miono m'nyengo yozizira.

"Lembani," anatero potsiriza. "Ndi zinyalala. Ndipo pakhomo panga ndi kudzala."

"Ife takhala tikunena kalekale!" anakuwa a Lonnie kumbuyo.

Chinyumba chonse chinaphulika ndi phwete, ngakhale loya. Mayi Bowser anagogoda supuni mpaka inapindika. Makhansala anakweza manja onse. Koma asanatseke nkhaniyo wapampando anaonjezera chenjezo: malole akangofika padoko la pantoni nyumba ikadali pamsewu, kapena ikathyoka, a Hollis aikankhire m'dambo osafunsanso munthu.

Tsiku lotsatira lonse linathera kunsi kwa nyumba. Asodzi anabwera ndi majeke okwezera mabwato. Anyamata anakoka mapolo amagetsi amene namondwe anagwetsa n'kuwadula mofanana. Wade ndi amene ankakwawa m'kati mwenimweni, pamene nyumba inatsamira phula, chagada m'matope, akulowetsa zipika m'malo amene ena ankaopa kuikamo ngakhale dzanja. Nyumba inkalira ikamakwera, kulira kwa matabwa akale, ngati nkhalamba imene ikudzutsidwa isanafune.

"Iwe wa kumtunda!" anakuwa a Elwood atagwada. "Tuluka kunsiko, yapendekeka! Ndilibe nthawi yokafotokozera amayi ako!"

"Pang'ono, Bambo Gaskill! Chatsala chimodzi!"

"Musiye," anatero a Lonnie. "Ikamuphwanya ndiye kuti yamuzindikira."

M'mawa wa tsiku la malole kunacha kopanda mphepo. Madzi a nyanja, amene amakwera ndi kuphwa kawiri patsiku, anadzaza khwawa mpaka kunyambita udzu wa m'mphepete mwa msewu. Chibwato chafulati chinali chitakocheza, matabwa okhuthala atayalidwa ngati mlatho. Chilumba chonse chinabwera, ngakhale a kumwera, amene anazungulira pa mabwato. A Hollis anakwera katapila, n'kudzilemba mtanda pachifuwa ngakhale sanali wa mpingo wotero, n'kukoka unyolo mpaka unaongoka.

Poyamba panalibe chinachitika. Kenako nyumba inasuntha.

Nyumba yonse, ndi denga lake, ndi makatani ake, inkayenda pa mapolo pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, amuna akuthamanga kutola polo lotsalira kumbuyo n'kukaliika kutsogolo, amayi akukuwa kuti kumanzere, kumanzere! Dzuwa linkadutsa m'mawindo kuchokera mbali ina kutulukira mbali ina. Inatsetsereka pa msewu, n'kukwera matabwa aja, chibwato chikumira pang'ono polandira kulemera kwake. Kenako inaima. Khonde linali litakodwa pa chitsulo cha m'mphepete mwa chibwato. Nyumbayo inali yotambalala kuposa chibwatocho ndi khonde lonse, ndipo theka la nyumbayo linali likadali pa phula.

Anayesa kukankha, anayesa kupotoza. Wailesi ya m'thumba mwa a Hollis inakhosomola, n'kunena kuti pantoni ya malole yayandikira doko. A Lonnie analoza chipilala cha m'madzi, pamene mzere wonyowa unali utayamba kuonekera. Madzi anali atayamba kubwerera.

"Elwood," anatero a Hollis ali pamwamba pa katapila. "Ukudziwa chimene anandiuza."

Corinna anayang'ana khondelo. Pamenepo ndi pamene mayi ake ankamuluka tsitsi. Pamenepo ndi pamene Wade anakhala madzulo oyamba, atagwira kapu ya tiyi wozizira, osadziwa poika mapazi. M'maloto ake onse a ukwati, iye ankatsika pakhonde limenelo atavala zoyera.

"Ababa, dulani."

Koma bambo ake anali atatenga kale sowo yamakina m'galimoto ya a Lonnie. Sanalole wina kuigwira. Anadula mizati, n'kudula matabwa motsatira khoma, utuchi ukuwagwera m'tsitsi, nkhope ili gwa. Khonde linalekana ndi nyumba mofatsa n'kugona pamsewu. Unyolo unaongokanso, ndipo nyumba inalowa yonse m'chibwato. Anthu anakuwa mpaka mbalame za m'dambo zinauluka zonse nthawi imodzi, thambo n'kuyera mapiko. A Hollis anatembenuza katapila, n'kukankhira khonde lija kumbali kamodzi kokha, ndipo mzere woyera unaonekanso wonse, kuchokera kumpoto mpaka kumwera.

"Wina akhale m'kati aziona ngati makoma akung'ambika!" anakuwa a Lonnie, amene bwato lawo linali patsogolo pa mabwato okoka.

Corinna anali atalowa kale.

Anaima pawindo la kuchipinda kwake, zigongono pa thabwa, monga ankaimira ali mwana. Zingwe zinakungika. Gombe linayamba kubwerera m'mbuyo. Khwawa linatambalala n'kusanduka nyanja yakuseri kwa chilumba, yosalala ngati galasi, ndipo nyumba inalowamo, chithunzi chake chikuyenda nayo pansi pa madzi, chadodolido. Kuchokera pamenepo anaona chilumba chonse nthawi imodzi, chinthu chimene sanachionepo ali m'chipinda chake: kamzere kopyapyala ka mchenga ndi mitengo yopserera ndi mchere, madenga ofundidwa malona abuluu, milu ya matiresi pakhomo lililonse, ndipo kuseri kwa zonsezo nyanja yaikulu, ikupuma mwakachetechete. Kanali kadziko kakang'ono zedi, kakuti funde limodzi likhoza kukafufuta. Komabe paliponse panali kanthu kakuyenda, munthu ali padenga, munthu akukoka nthambi, utsi wa wina amene wayatsa moto wophikira. Misozi inatsika yokha, iye osaipukuta.

Kumsewu kunamveka hutala wautali. Lole yoyamba ya mapolo inali ikudutsa pokhota paja, ina pambuyo pake, madalaivala atatulutsa mitu kuyang'ana nyumba imene inkayenda panyanja. Anthu a kumwera ankathamangira kumbuyo kwa malolewo akuimika manja.

Chitseko chinalira. A Elwood analowa kuchokera pa chibwato, n'kupukuta majombo pakhomo mosamala ngakhale panalibe chopondera. Anayenda m'zipinda zonse akugwira makoma ndi chikhatho. Kenako anakankhira mpando wawo pamalo pake n'kukhala, bondo lodwala ataliongola.

"Corinna, khofi alipo muno?"

"Ababa, tili pakati pa nyanja."

"Ndikudziwa pamene ndili."

Corinna anapita kukhitchini kukafunafuna, akuseka yekha, pansi pakugwedezeka pang'ono ngati chikuku cha mwana. Anapeza kachitini ka khofi koma madzi ndi moto panalibe. Pobwerera kuti akawauze, anapeza mutu wawo utagwera pambali, pakamwa patatseguka pang'ono, utuchi ukadali m'nsidze. Chidutsireni namondwe anali asanagone tulo totere.

Wade anasuzumira pakhomo, matope mpaka m'makutu.

"Tayandikira. A Lonnie akuti ndifunse madala kuti nyumba iyang'ane kuti tikaitsitsa."

Corinna anaika chala pamilomo, n'kumukodola kuti alowe.

"Auze azungulire kaye pang'ono," ananong'oneza. "Asafulumire."